Muli chiyani, nanga n'chochuluka bwanji? Kuphunzitsa kupima zinthu m'Chinyanja

Nthambi ya sayansi imene pa Chipwitikizi amati química analítica imayankha mafunso awiri: m'chinthu ichi muli chiyani, nanga chimene chilimocho n'chochuluka bwanji? Aphunzitsi ambiri atsopano amaopa phunziro lotere poganiza kuti lifuna zipangizo zodula ndi mawu achilendo. Ife tikuti mwana wa m'boma la Chifunde amafika ku sukulu ataona kale njira zambiri zopimira zinthu, ndipo mawu ake ali nawo. Udindo wathu ndi kuyambira pa zimene waona, kuzitchula m'Chinyanja, kenaka kumupatsa liwu la Chipwitikizi. Kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri kunayesedwa kuno ku Tete, m'Chinyanja, pakati pa 1993 ndi 1997, ndipo maziko ake ndi omwewa.

Kulekanitsa

Tisanapime chinthu, timayamba tachipatula ku zinzake. Mayi popeta chimanga m'lichero amachotsa gaga, ndipo posefa ufa amatsaza misere. Okumba golide, amene ndi ambiri m'boma lino, amazunguza mchenga ndi madzi m'beseni mpaka golide atsalire pansi. Chifukwa chake n'chakuti golide amalemera pafupifupi ka 19 kuposa madzi odzaza malo ofanana, pamene mchenga ulemera kosafika katatu. Palinso mwala wonyezimira wotchedwa pirite umene umanyenga maso. Ukaumenya ndi nyundo umaphwanyika, koma golide amangophwatalala. Ophunzira afotokoze okha ntchito zimenezi. Mawu monga filtração ndi decantação abwere pambuyo.

Kuzindikira

Asidi ndi mnzake wotsutsana naye, amene pa Chipwitikizi amati base, tingawazindikire ndi chidede. Tiwiritse masamba ofiira okuta chipatso chake, tisefe madziwo, tiwagawe m'mabotolo atatu oonekera mkati. M'botolo loyamba tidontheze madzi a mandimu, lachiwiri tilisiye, m'lachitatu tidontheze chidulo chotchezera therere. Loyamba lifiira kwambiri, lachitatu lisanduka lobiriwira. Botolo lachiwiri si lachabe: popanda ilo sitingadziwe chimene chasintha. Akatswiri amachita zomwezi ndi timapepala tosintha mtundu kapena kachipangizo koviika m'madzi, pa muyeso wa pH umene Søren Sørensen anauyambitsa mu 1909. Muyesowu umayenda kuchokera pa 0 kufika pa 14. Pansi pa 7 ndi asidi, pamwamba pake ndi base. Dothi la m'munda nalonso limapimidwa motere.

Kuyeza kuchuluka

Funso lachiwiri limafuna kuwerenga. Titunge madzi a mandimu ndi jakisoni wopanda singano, mamililita 5, ndi madzi a malambe mamililita 5, tiike m'mabotolo awiri, tithire chidede chofanana monsemo. Kenaka tidontheze chidulo dontho limodzilimodzi, ana akuwerenga mokweza, kufikira mtundu utasintha. Botolo lofuna madontho ambiri ndilo lili ndi asidi wambiri. Njirayi ndi titulação, ndipo chubu chagalasi chimene akatswiri amadonthezera ndi bureta. Tibwereze katatu n'kulemba zotsatira pa bolodi. Manambala akasiyana pang'ono, tisabise. Ana aphunzire kuti kuyeza kamodzi sikukwanira. Chidulo chisafike m'maso, ndipo palibe cholawa m'kalasi.

Mawu ofuna kusamala

Apa ndi pamene mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri amayesedwa. Liwu loti kusungunuka timaligwiritsa ntchito pa mchere uli m'madzi ndi pa mafuta ali pamoto, chikhalirecho izi n'zosiyana: Chipwitikizi chimati dissolver ndi fundir. Choncho tizinena mokwanira kuti kusungunuka m'madzi kapena kusungunuka ndi moto. Liwu loti kulemera nalo lili ndi msampha. Thumba la mchenga limalemera kuposa kambewu ka golide, komabe golide ndiye ali ndi densidade yaikulu. Tizinena kuti kulemera poyerekeza ndi kukula, ndipo tionetse ndi zitsekero ziwiri zofanana, china chodzaza mchenga, china utuchi. Mwana akangoloweza liwu la Chipwitikizi osaona kusiyanaku, adzalinyamula ngati dengu lopanda kanthu. Mawu amene tagwirizana tiwalembe pa pepala lalikulu la pakhoma m'zilankhulo zonse ziwiri, ndipo tisawasinthesinthe.

Pamene maso alekezera

Tisawauze ana kuti chidede chingapime chilichonse. Okumba golide ena amagwiritsa ntchito mercúrio, chitsulo chamadzimadzi chimene chimagwira tizidutswa ta golide. Akachiotcha, nthunzi yake imawononga ubongo ndi impso, ndipo chotayikira mumtsinje chimaunjikana mu nsomba. Madzi otero angaoneke oyera mbee, osanunkha, osasintha mtundu wa chidede. Kuti adziwe, akatswiri amatunga madzi kapena matope m'mabotolo oyera, kulemba malo ndi tsiku, n'kupita nawo ku labotale. Kumeneko makina otchedwa espectrofotómetro amawalitsa kuwala pa nthunzi ya mercúrio n'kuyeza kuchuluka kwa kuwala kumene kwamezedwa. Kuopsa kwa chitsulochi ndiko kunachititsa maiko kusainirana pangano la Minamata mu 2013. Mercúrio asalowe m'kalasi, ngakhale kholo litadzipereka kubweretsa.

Mwana womvetsa zimenezi m'chilankhulo chake angathe kukazifotokoza kwa makolo pakhomo madzulo, ndipo makolowo ndiwo amatunga madzi ndi kuotcha golide.

Ntchito

Awiriawiri, konzani phunziro la mphindi 45 la chidede. Lembani mafunso atatu amene mudzafunse m'Chinyanja musanatchule liwu lililonse la Chipwitikizi, ndipo sonyezani pamene mudzalowetse mawu oti ácido ndi base.