SANKHANI BWINO WOKUTSOGOLERANI PANSI PA NYANJA

Nthawi ya chuthi ikafika, anchito a boma, aphunzitsi ndi amalonda ambiri a ku Chipata, Katete ndi Chadiza amadutsa pa malire a Mwami kupita kukaona Nyanja ya Malawi. Ulendo wace si wautali ai, pakuti kucokera ku Chipata kufika ku Lilongwe pali makilomita pafupi-fupi 140 cabe. Akafika ku nyanja, ena amakopeka ndi masewera ochedwa scuba, ndiko kusambira pansi pa madzi munthu atabereka botolo la mpweya wopumira.

Cokopa ciripo ndithu. Nyanja imeneyi iri ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa nyanja ina iri yonse ya madzi opanda mcere, maka-maka tinsomba ta mawanga okongola tochedwa mbuna. Kamba ka nsombazi, dera la Cape Maclear linakhala malo otetezedwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la cuma ca dziko lonse lapansi. Masukulu ophunzitsa scuba amapezeka kumeneko, ku Nkhata Bay ndi ku Kande.

Koma munthu wakulira kumtunda, amene madzi akuya anawaonera pa damu pokha, adziwe kuti pansi pa nyanja moyo wace wonse uli m'manja mwa mphunzitsi. Pa mamita 10 cabe, mphamvu yopanikiza thupi imawirikiza kawiri. Munthu akacita mantha nathamangira pamwamba atagwira mpweya, mpweyawo umafufuma m'cifuwa ndi kung'amba mapapo. Motero kusankha sukulu si nkhani ya mtengo wochipa.

CIPHASO CA MPHUNZITSI

Akulu anati safunsa anadya phula. Coyamba, pemphani kuona ciphaso ca mphunzitsi. Mabungwe odziwika opereka ziphaso ndi monga CMAS la mu 1959, PADI la mu 1966 ndi SSI la mu 1970. Ciphaso cimakhala ndi dzina ndi nambala, ndipo mwini wace ayenera kucikonzetsanso nthawi ndi nthawi. Cikwangwani ca bungwe pa khomo si umboni wokwanira. Mphunzitsi woona sakwiya mukafunsa, wokwiya msiyeni.

Caciwiri, mphunzitsi wabwino nayenso amafunsa. Musanabvale kanthu adzakupatsani pepala lofunsa za mphumu, matenda a mtima, khunyu, makutu ndi pakati. Akakubwezani kamba ka cimfine kapena mowa umene munamwa usiku, musadandaule, pakuti wakuonetsani kuti moyo wanu auyesa woposa ndalama zanu. Woyenera kumuopa ndi uja angolandira ndalama nakulozerani bwato.

Cacitatu, sukulu yoona siyambira pakuya. Mlendo amayamba pa madzi osaya, kuphunzira kupuma, kucotsa madzi m'magalasi ndi kulankhula ndi manja. Mwa malamulo a PADI, woyesa tsiku limodzi sapitirira mamita 12, ndipo mphunzitsi mmodzi yekha satenga atsopano oposa anai. Wofuna ciphaso coyamba, colola mamita 18, amaphunzira masiku atatu kapena anai, ndipo ayenera kusambira mamita 200 ndi kuyandama mphindi 10. Wolonjeza ciphaso cimeneci masana amodzi ali kugulitsa pepala cabe.

Yang'ananinso zipangizo. Botolo la mpweya limakhala ndi cidindo coonetsa nthawi imene linapimidwa. Mipaipi isakhale yong'aluka, ndipo mpweya usanunkhe mafuta kapena utsi. Funsani ngati m'bwato muli botolo la okosijeni lothandizira wobvulala, ndiponso cipatala cimene angamtengereko.

NJIRA YOBWERERA NJOKWERA

Pali cinthu cimodzi cokhudza ife a kuno maka. Pamene munthu ali pansi pa madzi, mpweya wa naitirojeni umalowerera m'magazi, ndipo umatuluka pang'ono-pang'ono kwa maola ambiri. Akakwera msanga ku malo okwera, mpweyawo umacita thobvu m'thupi monga zakumwa za m'botolo zikatsegulidwa. Zotsatira zace ndi kuphwanya kwa mfundo za mafupa, dzanzi, cizungulire, ngakhale kufa ziwalo.

Bungwe la Divers Alert Network limalangiza kudikira maola 12 musanakwere ndeke ngati munalowa kamodzi, ndi maola 18 ngati munalowa kangapo. Tsono nyanja iri pa mamita pafupi-fupi 500 pamwamba pa nyanja yamcere, pamene Lilongwe ndi Chipata ziri pa mamita oposa 1,000, ndipo njira ya ku Dedza imakwera koposa apo. Conco uzani mphunzitsi tsiku ndi njira ya ulendo wanu. Wodziwa nchito adzakuuzani kuti tsiku lotsiriza likhale lopumula pa mcenga, osati kutuluka m'madzi ndi kulowa m'basi.

Potsiriza, madera ena a nyanjayi, maka-maka a kumwera, ali ndi nkhono zofalitsa likodzo. Pakapita miyezi iwiri mutabwerako, pitani ku cipatala mukapimitse, ngakhale simumva kudwala. Mbuna sizithawa. Mukapeza kuti sukulu yakukayikitsani, sungani ndalama zanu mufune ina, kuti a kwanu adzamve za nsombazo kucokera pakamwa panu.