Tisanagule Lenzi Yojambulira Tizilombo, Tione Zinthu Zitatu

Mbozi ya fall armyworm, imene inafika mu Africa mu 2016, imadziwika ndi zizindikiro ziwiri: chilembo cha Y chozondoka pamutu pake, ndi timadontho tinayi takuda chakumchira. Koma ophunzira athu akaijambula ndi foni kuti akaonetse aphunzitsi kapena alangizi a zaulimi, nthawi zambiri chithunzi chimangotuluka chimbuuzi. Ntchito imeneyi imafuna lenzi ya macro, yojambulira pafupi kwambiri. Makolo ndi a komiti, ndalama zisanatuluke m'thumba, tiyeni tione zinthu zitatu.

Choyamba, tifunefune nambala iyi pa lenziyo: 1:1. Tanthauzo lake n'lakuti kachilombo kotalika mamilimita 10 kamagwera pa sensa ya kamera kali mamilimita 10 omwewo. Malenzi ambiri a zoom amalembedwa kuti "macro" koma amangofika 1:3 kapena 1:4. Tisanyengeke ndi dzina.

Chachiwiri ndi mtunda wa pakati pa lenzi ndi kachilombo. Lenzi ya 60mm ikakhala pa 1:1 imatifikitsa pafupi kwambiri, osakwana masentimita 10. Mbozi imapirira zimenezo, koma gulugufe, tombolombo ndi njuchi zimathawa, komanso mthunzi wathu umaphimba kuwala. Ya 90mm mpaka 105mm imatisiyira masentimita pafupifupi 14, n'chifukwa chake ojambula tizilombo ambiri amaikonda.

Chachitatu ndi kuwala. Pa 1:1, mbali yooneka bwino imakhala yopyapyala kwambiri, milimita imodzi kapena iwiri basi. Mutu wa mbozi ukhoza kuoneka bwino mchira osaoneka. Kuti mbaliyi ikule timachepetsa bowo la lenzi kufika f/11, koma tikatero kuwala kolowa kumachepa. Choncho tisungeko ndalama ya fulashi, ndipo tiziiphimba ndi pepala loyera kuti isathobwe.

Nanga ngati thumba silikulola? Pali timalenzi tomata pa kamera ya foni, totsika mtengo kwambiri. Timafuna kuyandikira mpaka masentimita awiri kapena atatu, motero n'tabwino pa mbozi, mazira ndi nsabwe za m'masamba. Amene ali kale ndi kamera yosintha malenzi angagule ma extension tube, timikombero tolowa pakati pa kamera ndi lenzi.

Ophunzira, nthawi yabwino yoyeserera ndi m'mamawa, tizilombo tisanachangamuke ndi dzuwa. Pojambula mbozi tengani zithunzi ziwiri, china cha kumutu, china cha kumchira.