Kusintha madisiki a mabuleki akumbuyo pa vani

Disiki ya buleki ndi chitsulo chozungulira chomwe mapadi amachipana kuti galimoto iime. Pa mavani onyamula katundu wolemera, monga Mercedes-Benz Sprinter ndi Ford Transit, madisiki akumbuyo amaperepeseka ndi ntchito, ndipo amasinthidwa akafika pa muyezo wotsiriza umene umadindidwa pa disikiyo. Amasinthidwa onse awiri pamodzi ndi mapadi, kuti galimoto isamakokere mbali imodzi.

Ntchitoyi imatheka pakhomo, koma vani imayenera kukhala pa masitandi olimba, chifukwa jeke yokha ikhoza kugwa n'kupha munthu. Pa Sprinter, handibuleki imagwira ndi timashu tomwe tili m'kati mwa disiki, choncho disiki imakana kutuluka timashuto tisanamasulidwe. Pa mavani ena a matayala awiriawiri kumbuyo, disiki imamangidwa kuseri kwa habu, ndiye habuyo iyenera kuchoka kaye, ntchito yomwe ambiri amaisiyira makaniko.

Dzimbiri la pa habu limapalidwa lonse. Likatsala, disiki yatsopano imakhala mopendekeka ndipo buleki imanjenjemera. Galimoto isanayende, pedulo imapondedwa kangapo mpaka italimba.