Cifukwa cake dzino lacitsulo siliyenera kusalala kwambiri

Dokotala akaika muzu wa dzino wacitsulo m'nsagwada za munthu, palibe guluu amene amaugwira. Fupa lenilenilo ndilo limamera ndi kukangamira pa citsuloco. Likalephera kugwira, dzino limayamba kugwedera, ndipo wodwala abwereranso ku opaleshoni.

Anazindikira zimenezi ndi a Per-Ingvar Brånemark a ku Sweden, ataona citsulo ca titanium citakanirira ku fupa la kalulu. Mu 1965 anaika mano oyamba otere m'kamwa mwa munthu mumzinda wa Gothenburg.

Funso linatsala linali lakuti: kodi citsuloco cikhale cosalala motani? Apa ndi pamene pagona nchito ya a Profesa Ann Wennerberg, amene anatsiriza maphunziro ao apamwamba pa nkhaniyi mu 1996 pa yunivesite ya Gothenburg. Iwo anali kupima timaenje ndi timizere ta pacitsulo ndi makina a kuwala kwa laser, popeza maso sangatione. Muyeso wake ndi micrometre, ndipo 1,000 mwa iyo ndiyo ikwana milimita imodzi cabe. Kenako anali kuika tizitsuloto m'mafupa a akalulu, ndi kupima mphamvu yofunika potizula fupa litapola.

Mu 2004, iwo pamodzi ndi a Tomas Albrektsson anafotokoza kuti fupa limagwira kwambiri citsulo cokhakhala pang'ono, ca pakati pa micrometre 1 ndi 2. Cosalala ngati galasi sicipatsa fupa pogwira pokwanira, pamene cokhakhala mopitirira cingasunge tizilombo toyambitsa matenda a nkhama.