Anatuluka m'ndende ndi satifiketi, ntchito anaipeza kumunda wa mpunga

Achikumbi anzanga, sabata ino tiyambe taika pambali za mbewu ndi feteleza, ticheze za mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Dzina lake sinditchula pa zifukwa zimene muzimvetsa nokha.

Mnyamatayu anamangidwa m'chaka cha 2018, chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka mabwato kumangokhala pamatope padoko la Kachulu. Iye ankakoka nawo khoka la matemba. Madzi atathawa, ganyu naye anatha, ndipo tsiku lina anamupeza ndi injini ya bwato ya eni ake. Sindikumuikira kumbuyo ayi, anabadi, ndipo anakhala m'ndende zaka zinayi.

Ambiri a ife kuno tikamva za ndende timaganiza za Mikuyu ya kale, kumene boma la chipani chimodzi linkatsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, monga mlakatuli Jack Mapanje amene anakhalako kuchokera mu 1987 mpaka 1991. Masiku ano ku Mikuyu ndi ku Mpyupyu akaidi amalima, ndipo m'ndende zingapo za m'dziko muno muli sukulu. Akaidi amalemba mayeso a MANEB omwewo amene ana athu amalemba, ndipo kawirikawiri owaphunzitsa amakhala akaidi anzawo. Mphwanga analekezera Fomu 3. Ali m'katimo anabwerera m'kalasi, masana n'kumagwira ntchito kudimba la ndende, mpaka anakhoza MSCE. Pondionetsa pepalalo manja ankanjenjemera.

"Amalume, ndikufuna ndikaphunzire zaulimi ku Natural Resources College ku Lilongwe," anatero. Ine ndinangoyang'ana pansi. Fizi yake ndikanaitenga kuti, munthu wolima kachigawo kamodzi ka mpunga?

Anayamba kusaka ntchito m'tauni ya Zomba. Pasitolo ina yogulitsa zipangizo zaulimi anamuyesa masamu, anakhoza bwino, koma atamufunsa kumene anali zaka zinayi zija, nkhani inathera pomwepo. Kwina anamuuza kuti abweretse kalata ya kupolisi ya zidindo za zala, ndipo sanabwerereko. Apa mpamene pamandiwawa ine. Boma limamuphunzitsa munthu kuti asinthe, koma akatuluka palibe amene amafuna kukhala woyamba kumukhulupirira.

Tsono kalabu yathu ya alimi a mpunga, m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, inalibe mlembi. Yemwe analipo maso anali atayamba kumuvuta. Nditatchula dzina la mphwanga pamsonkhano, panabuka phokoso. Mkulu wina anaimirira n'kunena kuti sitingasungitse mbuzi kwa fisi, ndipo ambiri anaomba m'manja. Sindinawakwiyire, pakuti injini ija inali ya mlamu wawo. Amene anatipulumutsa ndi amayi ena achikulire, msungichuma wathu. Iwo anati ndalama zikhala kwa iwo monga kale, mwanayo agwire buku lokha, ndipo mwezi uliwonse aziwerenga mokweza pamaso pa aliyense zonse zimene walemba.

Bukulo ndi limene linatitsegula m'maso. Kwa zaka zambiri takhala tikugulitsa mpunga wosapuntha kwa mavenda nthawi yokolola, poyezera ndowa zawo zimene amazimenya pansi kuti zikule. Mphwanga anabwereka sikelo, anayeza ndowa imodzi pamaso pathu, ndipo tonse tinaona makilogalamu amene timangopereka ulere. Kenaka analemba zonse zimene mlimi amawononga pachigawo chimodzi, kuyambira mbewu, feteleza, aganyu ookera, opirikitsa mbalame mpaka matumba. Ena a ife tinazindikira tsiku limenelo kuti timalimira venda. Chaka chotsatira tinagwirizana kusunga matumba ena a Faya, kukapunthitsa kuchigayo pamodzi, n'kugulitsa pa kilogalamu mitengo itakwera. Anatiphunzitsanso kuunjika mapesi a mpunga ndi ndowe kupanga manyowa monga ankachitira kudimba la ndende, m'malo mowatentha monga tinazolowera.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Ulembi wa kalabu si ntchito ya malipiro. Timangomupatsa thumba limodzi pokolola. Nkhuku ikasowa m'mudzi, maso amayamba apita kwa iye. Mkulu uja mpaka lero samuyankha moni, ngakhale mpunga wake amayezetsa pa sikelo yomweyo.

Fomu ya kukoleji ija anaipinda n'kuiika kumapeto kwa buku la kalabu. Msungichuma wathu anaiona, ndipo wapempha kuti pamsonkhano wa mwezi wamawa tikambirane ngati kalabu ingamubwereke fizi ya chaka choyamba, adzabweze potilangiza zaulimi akamaliza. Ine ngati malume wake andiuza kuti ndidzatuluke panja nthawi yoponya voti.