Nsapato za zala zisanu sizitsekereza mvula

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Dzinja likafika timasangalala kuti chimanga chamera, koma ife oyenda pansi timadziwa kuti nsapato zathu zalowa m'mavuto. Masiku ano pa kaunjika pamapezekanso nsapato zachilendo zomwe chala chilichonse chili ndi kathumba kakekake. Anyamata ena pasukulu yomwe ndimaphunzitsa adagula, ndipo funso lawo ndi limodzi: tizipake chiyani kuti madzi asalowe?

Yankho lili mu mbiri ya nsapatozi. Zidachokera ku Italy, ku kampani ya Vibram yomwe Vitale Bramani adayambitsa mu 1937 popanga mphira wapansi pa nsapato za okwera mapiri. Mu 2005 kampaniyi idatulutsa nsapato za zala zotchedwa FiveFingers, zomwe adazikonza ndi Robert Fliri. Poyamba ankazitsatsa kwa oyenda pa maboti kuti asamaterereke pa matabwa onyowa. Othamanga adadzazikonda pambuyo pake, makamaka buku la Born to Run la Christopher McDougall litatuluka mu 2009. Mwachidule, zambiri mwa nsapatozi adazipanga kuti zizinyowa n'kuuma msanga. Kutsekereza madzi si ntchito yake.

Tengani imodzi muiyang'anitsitse. Nsalu yapamwamba ndi yopyapyala, yotamuka, ndipo ili ndi timabowo tolowetsa mpweya. Zala zisanu zija zikutanthauza misoko yambiri, ndipo msoko uliwonse ndi khomo la madzi. Mphira wapansi ndi wa mamilimita ochepa chabe, kotero ngakhale kachithaphwi kakang'ono kamafika pansalu. Mukatseka apa, madzi alowera apo, pakuti madzi saiwala khwawa.

Ena amati tizipake phula la njuchi kapena kandulo. Njirayi imathandizadi pa nsapato zachikopa ndi zansalu yokhuthala: mumakhutiza phula pansapato youma, n'kuitenthetsa pang'ono kuti phulalo lilowerere. Koma pa nsapato za zala phula limang'aluka pomwe zala zimapindika, madzi n'kulowa, kenako n'kusowa potulukira. Kutentha kumafewetsanso guluu yemwe wagwira mphira wapansi, mpaka nsapato yomwe mudataya nayo ndalama imayasamula sabata isanathe. Mankhwala opopera ogulitsidwa m'masitolo amathandiza pa mame a m'mawa ndi mvula yowaza basi, ndipo amatha mphamvu mukachapa kangapo. Kuvala jumbo mkati nakonso n'kudzinamiza, chifukwa phazi limanyowabe ndi thukuta.

Vuto lenileni si kunyowa kwa nsapato ayi, koma phazi lokhala pachinyezi tsiku lonse. Khungu limafewa, limayera, kenako linyetsu limagwira pakati pa zala. Nsapato za zala zikanyowa zimakuta chala chilichonse ndi nsalu yonyowa, pamalo pomwe linyetsu limakonda. Mwana wa Fomu 4 yemwe amayenda mtunda wautali akayamba kutsimphina, amajomba kusukulu pomwe mayeso a MSCE akuyandikira. Odwala matenda a shuga asamale koposa, chifukwa kwa iwo kabala ka kuphazi kamachedwa kupola.

Nanga tichite chiyani? Tisalimbane ndi kulowa kwa madzi, tilimbane ndi kuwatulutsa. Mukafika pakhomo tsukani matope ndi sopo ndi madzi ozizira. Pindani timapepala ta nyuzi yakale n'kulowetsa m'kathumba ka chala chilichonse, ndipo tikanyowa sinthani. Yanikani pakhonde podutsa mphepo, osati pambali pa mbaula. Musavale nsapato yomwe sinaume. Ndi bwino kuipumitsa tsiku lathunthu. Mapazi nawo muwasambitse ndi kuwapukuta bwino pakati pa zala. Ngati mwapeza masokosi a zala, sankhani aubweya kapena a nayiloni, chifukwa athonje amasunga madzi.

Tsiku la mvula yamphamvu, nsapato za zala zisiyeni m'nyumba. Wokhala ndi jombo avale jombo. Wopanda jombo ayende ndi patapata, nsapato za kusukulu zili m'jumbo, akavale atafika n'kupukuta mapazi. Kuyenda osavala kanthu m'matope a pafupi ndi midzi si nzeru, chifukwa ana a njoka zina za m'mimba amalowa m'thupi kudzera pakhungu la kuphazi.

Kwa makolo anzanga, ndalama ya nsapato ndi yovuta kuipeza. Mwana akakakamira nsapato za zala, mumuuze kuti ndi zabwino pothamanga ndi poyenda kunyanja, koma pa ulendo wa kusukulu mu Januwale ndi Febuluwale, nsapato yachikopa yopakidwa polishi kawirikawiri ndiyo imateteza phazi. Funsani kaye kuti nsapato adaipangira chiyani musanatulutse ndalama m'thumba.