ULENDO WA PABOTI UMENE SUNAFIKE KU MOZAMBIQUE

Anzanga ambiri akhala akundifunsa kuti, "Kodi ku Mozambique kuja munagulako chiyani?" Ena afunsa pofuna kudziwa, koma ena afunsa mwachipongwe, pakuti anamva kale kuti sitinafikeko. Tsono ndaganiza kuti ndifotokoze m'magazini yathu ino mmene ulendowo unayendera ndi zifukwa zimene unalepherera, kuti ena asadzataye ndalama za makolo awo monga tinachitira ife.

Nkhaniyi inayamba tsiku lina pamene bambo wina anafika pa msonkhano wa kalabu yathu ya zachilengedwe. Anali munthu wovala bwino ndi wodziwa kulankhula. Anationetsa pepala limene panali chithunzi cha boti loyera la denga, natiuza kuti yense wopereka K30,000 sadzatulutsanso tambala ina, pakuti galimoto, boti, chakudya ndi malo ogona zonse zili momwemo. Tsiku loyamba tidzapita ku chilumba cha Chisi pa Nyanja ya Chilwa, ndipo m'mawa mwake tidzawoloka kukaona msika wa ku Mozambique. Tinalembetsa anyamata ndi asungwana 24, ndipo aphunzitsi awiri anavomera kutiperekeza. Amayi anagulitsa nandolo wawo kuti ine ndipite. Agogo anga anakondwa koposa onse, chifukwa makolo awo anachokera ku dziko limenelo monga Alomwe ambiri a kuno ku Phalombe, ndipo anandituma kuti ndikawagulire nsalu ya kwawo.

Ndiyambe ndafotokoza mmene ulendo wa mtengo umodzi uyendera. Si chinthu chatsopano ayi. Munthu amene atchuka nawo ndi Thomas Cook wa ku England. M'chaka cha 1841 iye anatenga anthu ngati 500 pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Leicester kunka ku Loughborough, yense atalipira shileni imodzi, ndipo mu 1869 anayamba kuyendetsa alendo pa sitima za pamadzi mu mtsinje wa Nile. Wokonza ulendo alandira ndalama zonse pamodzi. Pa ndalamazo alipira mwini galimoto, mwini boti, ophika ndi eni nyumba zogona, ndipo zotsala ndizo phindu lake. Ubwino wake ndi wakuti anthu akachuluka mtengo utsika, ndipo mlendo savutika kufunafuna chilichonse. Koma kuipa kwake ndi uku: kawirikawiri wokonzayo alibe boti, alibenso galimoto. Agulitsa zinthu za eni ake, ndipo ndalama iliyonse imene achepetsa pa mafuta kapena pa ndiwo itsala m'thumba mwake. Ife zimenezi sitinazilingalire konse.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa m'mwezi wa Okutobala, tili kuimba pa lole, phiri la Michesi lili kutsalira m'mbuyo. Titafika pa doko la Swang'oma nyimbo zinatha, pakuti nyanja sitinaione. Tinaona matope ouma ong'ambika, mabwato ogona pamtunda, ndi njedza zobiriwira kufikira pamene maso alekeza. Madzi anali m'ngalande yopapatiza imene asodzi anatsegula pakati pa njedzazo. M'ngalandemo munali boti la matabwa lopanda denga, la injini yaing'ono, limene masiku onse linyamula matumba a mpunga ndi nsomba zouma. Majekete oyandamitsa munthu analimo asanu ndi limodzi okha. Msungwana wina anafunsa kuti boti loyera lija libwera nthawi yanji, ndipo amalinyero anangoseka.

Ambiri a ife tinali kuganiza za chombo chonga Ilala ya pa Nyanja ya Malawi, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949, nibwera nayo zidutswazidutswa, niyamba kuyenda mu 1951. Koma tikadakumbukira phunziro la Jogalafe tikadadziwa kuti chombo chotero sichingayende pa Chilwa. Nyanja ya Malawi pena ifika mamita 700 kuya kwake. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno, makilomita ngati 60 m'litali ndi 40 m'lifupi tikawerengera ndi madambo ake, koma ili ngati mbale yosaya: malo ambiri sipyola mamita awiri kapena atatu. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Namadzi, Thondwe, Likangala ndi Domasi ithira madzi ake m'menemo pamodzi ndi dothi lokokoloka m'minda mwathu, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotulutsa madziwo. Kumpoto kuli mtunda wa mchenga wolekanitsa Chilwa ndi Nyanja ya Chiuta. Kotero madzi achoka ndi dzuwa ndi mphepo basi, nasiya mchere wake m'mbuyo, ndicho chifukwa chake ali owawa pang'ono m'kamwa.

Chaka ndi chaka nyanjayi idzala ndi mvula ya dzinja, ndipo kuyambira nyengo ya masika iyamba kuphwa kufikira mvula ina itagwa. Popeza gombe lake ndi lathyathyathya, madzi akatsika pang'ono pokha athawa mtunda wautali. Mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanja iuma, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Mvula ikachuluka, monga ya namondwe Freddy amene anatisautsa kuno m'Malichi 2023, madzi akwera namiza minda ndi nyumba za m'mbali. Tsono Okutobala ndi mwezi umene madzi ali pafupi kufika potsika penipeni. Wokonza ulendo anasankha mwezi umenewu poona tchuthi cha Tsiku la Anakubala, osaona nyanja.

Ichi ndicho chinaononganso nthawi yathu. Papepala panalembedwa kuti ku Chisi ndi maola awiri. Koma m'ngalande muja injini sinathe kugwira ntchito, chifukwa inali kukhudza matope ndi kukulunga udzu. Amalinyero anaikweza, nayamba kukankha boti ndi nsungwi zazitali, thukuta lili kamukamu. Anyamata ena tinafuna kutsika kuti tithandize, koma aphunzitsi anatiletsa poopa likodzo, pakuti nkhono zofalitsa nthendayi zikonda madzi odikha otero. Dzuwa linatiwamba pamutu kufikira masana. Titatulukira poyera mphepo inali itayamba, ndipo tinaphunzira kuti nyanja yosaya ili ndi mafunde aafupi otsatizana msanga, amene agwedeza boti kosalekeza ndi kuvundula matope apansi. Madzi anali ofiirira ngati thobwa. Anzathu asanu anasanza, ndipo amene anali kuimba kwambiri pa lole ndiwo anayamba kupemphera.

Sindinena kuti panalibe chokoma. Tinaona zimbowera, ndizo timisasa ta asodzi tomanga pa udzu woyandama, mmene munthu akhala masabata ambiri osaponda dothi, kuphika ndi kugona momwemo. Tinaona akakowa, atsekwe ndi nkhwazi, ndi mbalame zina zambirimbiri zimene maina ake sitiwadziwa. Aphunzitsi anatiuza kuti zina zichokera ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo chifukwa cha mbalamezi Chilwa ndiye dambo loyamba la m'Malawi kulembedwa m'pangano la maiko la Ramsar losamala madambo.

Tinafika ku Chisi dzuwa litalowa, patapita maola asanu ndi awiri. Nyumba ya alendo imene tinalonjezedwa inasanduka chipinda chophunziriramo ndi mphasa pansi. Mpunga wa nkhuku unasanduka nsima ya matemba. Kunena zoona matembawo anali okoma, pakuti pamodzi ndi makumba ndi milamba ndiwo chuma cha nyanjayi. Koma si zimene makolo athu analipira. Udzudzu unatilandira usiku wonse.

Usiku womwewo tinamva mkangano panja. Mwini boti anali kunena kuti iye anapatsidwa ndalama za ku Chisi ndi kubwerera basi, ndipo mafuta owolokera kutsidya analibe. Pamenepo aphunzitsi athu aamuna anafunsa funso limene likadayenera kufunsidwa tisanapereke ndalama. Anati, "Nanga bambo, zikalata za ana awa zodutsira malire zili kuti?" Wokonza ulendo anayankha kuti asodzi awoloka tsiku ndi tsiku opanda pepala, ndipo palibe amene awafunsa. Aphunzitsi anati, "Bambo, ana awa ndi a eni ake. Ine sindingawalowetse m'dziko la eni mozemba."

Ena a ife tinanyinyirika, koma tsopano ndiona kuti ananena zoona. Ngakhale anthu a mbali zonse ziwiri alankhula Chilomwe ndi Chinyanja, ndipo akwatirana ndi kugulana malonda, Mozambique ndi dziko lina la malamulo ake, la ndalama yake ya metical, ndi chilankhulo cha boma cha Chipwitikizi. Mlendo alowa ndi pasipoti kapena chiphaso cha pamalire, ndipo adzera pa chipata pamene pali akuluakulu odinda zikalata, monga pa Muloza ku Mulanje popita ku Milange, kapena pa Nayuchi ku Machinga pamene padutsa njanji ya ku Nacala. Msodzi mmodzi wodziwika ndi anansi ake sali chimodzimodzi ndi gulu la ana a sukulu 24 otsika m'boti ndi zikwama. Tikadagwidwa, kapena wina akadadwala kumeneko, mlandu ukadagwera aphunzitsi ndi makolo, osati mwini pepala lija.

M'mawa mwake tinakwera phiri lina la pa chilumbapo, kudutsa pakati pa milambe ikuluikulu. Pamwamba pake tinaona mapiri a ku Mozambique kum'mawa, obiriwira ngati utsi, ndipo kumeneko ndiko kufika kwathu. Gogo wina wa pa Chisi anatiuza kuti mu 2018 anthu anali kubwera pa chilumbapo wapansi ndi panjinga kuchokera ku doko la Kachulu ku Zomba. Aphunzitsi aakazi anatitonthoza ndi mbiri ya David Livingstone, amene anafika pa nyanja yomweyi pa 18 Epulo 1859 pamodzi ndi John Kirk, nailemba dzina lakuti Shirwa. Iyenso anafika wapansi, atasiya sitima yake ya Ma Robert mu Shire. Sitimayo inali itam'khumudwitsa kale mu 1858, pamene inalephera kupyola mathithi a Kebrabasa mu Zambezi, mtsinje umene iye anauza anthu a kwawo kuti ndi njira yabwino ya zombo. Anatiuzanso kuti ngakhale ku Ulaya, m'zaka za 2018 ndi 2022, madzi anatsika m'mitsinje ya Rhine ndi Danube kotero kuti alendo ena amene analipira ndalama zambiri kuti ayende pa sitima anamalizira ulendo wawo pa basi. Madzi salabadira zolembedwa papepala, kaya ndi ku Phalombe kaya ndi ku Germany.

Tinabwerera tsiku lomwelo njira yomwe ija. Makolo ndi aphunzitsi atam'panikiza, bambo uja anabweza K5,000 kwa yense, nati zina zonse zinapita ku lole, boti ndi ufa. Popeza pepala lake linalibe siginecha ndiponso sitinalandire risiti, panalibe pogwira. Agogo nditawabwezera ndalama ya nsalu anaseka nati, "Mdzukulu wanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Amayi sananene kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka koposa, chifukwa ndidziwa mizere imene analima kuti nandolo uja apezeke.

Tsono anzanga, wina akadzabwera ndi ulendo wa mtengo umodzi, musayambe mwayang'ana chithunzi. Choyamba, funsani kuti boti ndi la yani, linyamula anthu angati, ndipo majekete oyandamitsa alimo angati. Ngati nkotheka wina apite akalione ndi maso. Chachiwiri, funsani anthu a kunyanja, osati wokonza ulendo, mmene madzi alili mwezi umenewo. Chachitatu, ngati ulendowo utuluka m'dziko, funsani chipata chimene mudzadzere ndi chikalata chimene munthu aliyense ayenera kukhala nacho. Chachinayi, zonse zolonjezedwa zilembedwe chimodzichimodzi ndi mtengo wake, pamodzi ndi ndalama zimene zidzabwezedwe china chikalephereka. Chachisanu, musapereke ndalama zonse poyamba, ndipo zimene mwapereka mulandire risiti yake. Munthu woona sakwiya ndi mafunso otere. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ine nyanja sindiida, pakuti siinatilonjeze kanthu. Ndifuna kudzapitanso ku Chisi m'mwezi wa Epulo kapena Meyi madzi ali odzala. Za ku Mozambique, ndayamba kusunga ndalama pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina ndidzadzera pa Muloza ndi chiphaso changa m'manja, kuti agogo alandire nsalu yawo akali ndi moyo.

Wophunzira wa Folomu 3